Kamfuti Kopopera Penti: Tikatsuke ndi Chiyani Kuti Kakhalitse?

Abale athu a kunyanja akamva za Dedza amangoganiza za zinthu ziwiri, kuzizira ndi mbatata ya kachewere. Koma boma lino lili ndi mbiri inanso imene ambiri saiganizira, mbiri ya utoto ndi luso la manja. M'mapanga a m'mapiri a Chongoni muli zithunzi zimene anthu akale adajambula pa miyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika malo 127 a zithunzizi m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kumunsi kwa phiri, ku Mua, kuli malo a KuNgoni amene adatsegulidwa mu 1976 ndi bambo Claude Boucher, ndipo kwatuluka osema ndi ojambula ambiri. Pafupi ndi tauni pali Dedza Pottery, imene idayamba mu 1987, kumene mbale, makapu ndi matailosi amazikongoletsa ndi manja. Mwana wokulira pakati pa zinthu zotere sachedwa kugwira burashi.

Masiku ano pafika chida china chimene makolo ambiri sitidachionepo pa ubwana wathu. Dzina lake lenileni ndi airbrush, koma anyamata kuno amangoti kamfuti kopopera, chifukwa ndi mng'ono wake wa mfuti ija amapopera nayo penti wa galimoto ku garaja. Kukula kwake kali ngati cholembera chonenepa. Ambiri amene ali nako adachita kulandira kuchokera kwa achimwene kapena amalume a ku Joni, pamodzi ndi kakompuresa kake ndi timabotolo ta penti wa acrylic. Ena amangosewera nako pa tchuthi, kukongoletsa galimoto za mawaya ndi zidole za matabwa. Koma ena apezerapo sopo ndi ndalama ya mayeso polemba malaya a matimu a mpira, zipewa za a kabaza a njinga zamoto, zikwangwani za magolosale, nsalu za Eid Mubarak ndi zilembo za Chiarabu pa zipupa za madrasa. Ndi ntchito ya halaal, yosachititsa manyazi, ndipo imamuchotsa mnyamata ku vidiyo ndi ku juga.

Chodandaulitsa nchakuti timfuti tambiri totere timafa tikadali tatsopano, ndipo wakupha wake sakhala ntchito ayi, koma katsukidwe. Tidaonapo mnyamata wina amene adauzidwa ndi mmisiri wa ku garaja kuti chitsulo chilichonse cha penti mankhwala ake ndi thinners. Iye adatenga kamfuti konse kathunthu nkukaviika m'chitini usiku wonse. M'mawa kadatuluka kakung'anima ngati ka m'sitolo, koma mpweya unkangothawira paliponse, poti timphira ta m'kati tidali titafufuma. Zipangizo za timfuti timeneti nzovuta kuzipeza m'masitolo a m'maboma athu, zimachita kuitanitsidwa, ndipo chichokereni pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma m'thumba. Nchifukwa chake taona kuti nkhani yooneka yaing'onoyi tiifotokoze mwatsatanetsatane, kuti nanunso makolo muthe kuwayang'anira ana anu.

Mmene kadapangidwira

Kamfutika si kachilendo pa dziko. Mkulu wina wa ku America, Charles Burdick, adatsegula kampani yopanga timfuti totere ku London mu 1893, ndipo kale tinkagwira ntchito kwambiri yokonza zithunzi za kamera. Lero makampani odziwika ndi monga Iwata ya ku Japan, Badger ndi Paasche a ku America, ndi Harder & Steenbeck ya ku Germany, ngakhale kuti timene timafika m'midzi mwathu nthawi zambiri ndi totsika mtengo ta ku China. Kapangidwe kake nkofanana. Pamwamba pali kakapu kothiramo penti. Pakati padutsa singano yaitali yosongoka, ndipo nsonga yake imatseka kabowo ka kamlomo ka kutsogolo. Mukadinikiza kabatani mpweya umatuluka. Mukakakokera kumbuyo singano imabwerera, kabowo nkutseguka, penti nkutuluka ngati nkhungu.

Chinsinsi chonse chili pa kabowoko. Kukula kwake kumakhala pakati pa mamilimita 0.2 ndi 0.5, ndiye kuti tsitsi lochepa chabe litaikidwa pamodzi likhoza kukatseka. Kamlomo kameneka nkopyapyala kwambiri, kosachedwa kung'aluka. Thupi la kamfuti kawirikawiri limakhala la mkuwa wokutidwa ndi chitsulo chonyezimira. M'kati mulinso timphete totseka penti ndi mpweya kuti zisadonthe; tina ndi ta mphira wakuda, tina ndi ta pulasitiki yoyera yolimba yotchedwa Teflon. Tsono posankha chotsukira, munthu ayenera kufunsa mafunso atatu: kodi chisungunula penti? Kodi chidya mkuwa? Kodi chifufumitsa mphira? Ambiri amangofunsa loyambalo.

Penti amene ndi pulasitiki

Kuti timvetse bwino, tiyambe ndi pentiyo. Penti wa acrylic adayamba kugulitsidwa kwa ojambula m'zaka za m'ma 1950. Ndi tinthu ting'onoting'ono ta pulasitiki toyandama m'madzi pamodzi ndi utoto. Akadali wamuwisi, madzi wamba amamutsuka mosavuta. Koma madziwo akangouma, tinthu tija timagwirana nkupanga khungu limodzi la pulasitiki, ndipo khungu limeneli madzi salisungunulanso, ngakhale mutaliviika sabata yathunthu. Zili ngati simenti: pa fosholo yonyowa imachoka ndi madzi a m'chitini, koma ikagona imafuna nyundo.

Apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka. Tidazolowera penti wa mafuta, uja timapaka zitseko, mawindo ndi mabwato, amene amatsukidwa ndi palafini, petulo kapena turpentine. Zinthu zimenezi pa penti wa acrylic sizigwira. Palafini sasakanikirana ndi madzi. Akakumana ndi penti wamuwisi amangomusandutsa ulimbo womata, ndipo mafuta otsalira m'kamfuti amadzaononga ntchito ya mawa lake, penti nkumachita timaso timaso pa nsalu kapena pa thabwa. Petulo ndiye tisamutchule nkomwe. Wina akakuuzani kuti "bola petulo pang'ono", dziwani kuti akunena za penti wina.

Choncho chotsukira choyamba, chotsika mtengo ndiponso choposa zonse, ndi madzi ofunda, malinga mwachita changu. Mukatha mtundu umodzi, khuthulani penti wotsala, pukutani kakapu ndi kansalu kosathothoka, thiranimo madzi, takasani ndi kaburashi kofewa, tayani, thiraninso ena nkupopera mpaka atuluke oyera. Kenaka tsekani kutsogolo ndi chala chokulunga kansalu, dinikizani kabatani nkukoka pang'ono; mpweya ubwerera m'kakapu nkumachita thovu, ndipo zotsalira za m'njira zitulukira m'mwamba. Madzi amenewo tayani, musawapopere. Dontho limodzi kapena awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale m'botolo la theka la lita amathandiza. Sopo wa ufa wochapira zovala ayi, chifukwa timibulu take sitisungunuka tonse.

Madzinso ali ndi nkhani yawo. M'madera ena a kunyanja madzi a pa mjigo amakhala a mchere kapena a laimu, aja amasiya zoyera m'ketulo. Zoyera zomwezo zimatsalira m'kamlomo. Madzi a mvula osefedwa pa nsalu ndi abwino, ndipo abwino koposa ndi madzi a batire ogulitsidwa m'mabotolo pa malo omwetsera mafuta. Koma chonde werengani botolo: madzi a batire ndi ena, asidi wa batire ndi wina. Asidi amadya chitsulo, zovala ndi khungu lomwe.

Nanga penti akauma?

Apa ndiye pafunika sipiriti. Mitundu imene tingaipeze ndi itatu, ndipo siyofanana.

Wabwino kwambiri pa ntchitoyi ndi isopropyl alcohol, amene amapezeka m'masitolo ena a mankhwala m'mizinda, wa mphamvu ya 70 peresenti kapena kuposera 90. Amafewetsa acrylic wouma, amauluka osasiya kanthu, ndipo timphira sitivutika naye ngati sitikhalitsamo. Potsuka tsiku ndi tsiku, gawo limodzi la iyeyu ndi magawo awiri kapena atatu a madzi, ndi kadontho ka sopo, nzokwanira. Pa penti wokakamira mumugwiritse ntchito wosasungunula.

Wachiwiri ndi sipiriti wodziwika uja wa mtundu wa maluwa a jakaranda, amene ometa tsitsi amapukutira makina awo. Ameneyu ndi ethanol, mtundu womwewo wa mankhwala amene amapangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa kuyambira mu 1982, koma wothiridwa utoto ndi poizoni, kawirikawiri methanol, kuti asamwedwe. Amagwira ntchito ndithu, ndipo kwa ambiri a ife ndi amene ali pafupi. Vuto lake ndi utotowo. Mukapanda kutsukuluza bwino ndi madzi, zilembo zoyera za pa nsalu ya Eid zidzatuluka zotuwira pepo.

Wachitatu ndi surgical spirit wa ku famase. Anthu amamukhulupirira poti ngwoyera ndiponso ngwa kuchipatala, koma mwa iye mumakhala mafuta a nsatsi pang'ono oteteza khungu, ndipo mafuta ndiwo mdani wa penti wa madzi. Chimodzimodzinso mankhwala opaka m'manja aja tidazolowera pa mliri wa Covid-19 mu 2020: ambiri ali ndi zolimbitsa zoterera zimene zimatseka kamlomo.

Pali chinthu chimodzi chimene ngakhale anyamata ochenjera chimawagwetsa. Si penti yense wolembedwa acrylic amene ali wofanana. Wa kampani ya Tamiya ya ku Japan ali kale ndi sipiriti m'kati mwake, ndipo amamvana ndi sipiriti. Koma wa Vallejo wa ku Spain, ndi ena ambiri a madzi okhaokha, akakumana ndi sipiriti wamphamvu adakali wamuwisi amaundana ngati chambiko, ndipo mabuluwo amakatsekera pa kabowo penipeni. Lamulo lake ndi ili: madzi ayambe, sipiriti atsatire, madzi atsirize. Mukakaika, yesani kaye pa kambale: dontho la penti, dontho la chotsukira, takasani ndi kamtengo. Zikasalala, pitirizani, zikachita mabulu, lekani.

Makampani a penti amagulitsanso timabotolo ta chotsukira chawochawo. Nchabwino, sitikana, ndipo amene angathe agule cha kampani yomweyo imene idapanga penti wake. Koma kwa mwana wa sukulu amene akulemba malaya khumi pa mwezi, kudikira botolo lochokera ku Johannesburg pamene madzi ndi sipiriti zili pa golosale ndi kutaya nthawi.

Za thinners ndi anzake

Thinners wa ku garaja ndi acetone amasungunula acrylic wouma mofulumira kuposa china chilichonse. Choonadi chimenechi sitingachibise. Koma ndi mankhwala a mapeto, pamene zina zonse zakanika, ndipo ali ndi malire. Masulani singano, kamlomo ndi kachipewa ka kutsogolo, zitsulo zokhazokha zopanda mphira, muziviike m'kabotolo ka galasi kotseka kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, kenaka mutsukuluze. Thupi la kamfuti lisalowemo, makamaka pansi pamene pamalowera mpweya, chifukwa mpamene pali timphira tanthete. Timphete ta Teflon timapirira thinners, koma timfuti totsika mtengo kawirikawiri timakhala ndi mphira, ndipo ngakhale tokwera mtengo tili ndi mphira pa njira ya mpweya. Mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo ali ndi acetone, koma ambiri amathiramo mafuta ndi zonunkhiritsa, choncho sangalowe m'malo mwake.

Mankhwala otsukira magalasi amene ali ndi ammonia, aja a fungo lolasa m'mphuno, amachotsa acrylic bwino, ndipo ojambula ena a kunja amawatama. Ife sitiwalimbikitsa. Ammonia amadya mkuwa, ndipo pamene chitsulo chonyezimira chija chayamba kusupuka m'kati mwa kakapu, mpamene amayambira. Amene waumirira kuwagwiritsa ntchito asaviikemo kanthu, angopopera nkutsukuluza nthawi yomweyo. Mankhwala a phalaphala okwechera masinki ali ndi timchenga, amenewo asayandikire.

Ndipo mawu awa tiwanene mokweza kuti amayi amve: Jik sachotsa penti, amachititsa dzimbiri, ndipo akasakanizidwa ndi ammonia amatulutsa mpweya wa poizoni woti ungamugwetse munthu m'chipinda chotseka. Kumusakaniza ndi sipiriti nakonso nkoopsa. Mnyamata wokonda kuyesayesa zinthu auzidwe zimenezi asanayese.

Chotsukira chabwino chimaonongekanso ndi dzanja loipa. Singano muitulutse mosamala, muipukute ndi kansalu konyowa kuchokera kumbuyo kupita ku nsonga, ndipo isagwe pansi. Nsonga ikapindika pang'ono pokha, penti amapopera cham'mbali ndipo singanoyo imang'amba kamlomo poibwezera. M'kamlomo musalowetse singano yosokera, phini kapena waya. Chitsulo chikakumana ndi chitsulo, chopyapyala ndicho chimagonja. Nthenga yaing'ono ya nkhuku yotsukidwa bwino, kapena kamtengo kofewa kosongoledwa, koviika mu sipiriti, nzokwanira. Pomanga kamlomo, zala ndizo zimange. Kasipanala kaja kangothandiza pang'ono, chifukwa ambiri adathyola mazinga ake pofuna kulimbitsa. Singano ikamalimba poyenda, kadontho ka glycerine, yemwe uja amayi amadzola m'nyengo yozizira, kopakidwa ndi chala nkupukutidwa, nkabwino kuposa mafuta a makina osokera kapena ophikira.

Kumapiri ndi kunyanja

Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndipo penti wa acrylic pa kuzizira kotere sagwirana bwino. Amauma mochedwa, nthawi zina nkuchita ming'alu. Masiku a nkhungu kompuresa imasonkhanitsa madzi m'paipi, kenaka kamfuti nkulavula dontho pakati pa chilembo. Mnyamata amaganiza kuti katsekeka, nkuyamba kumasula ndi kuthira mankhwala, chonsecho vuto lili m'paipi. Kabotolo kogwira madzi kamene kamakhala pa kompuresa kazikhuthulidwa tsiku lililonse.

Amene watsika nako kamfuti pa msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti, Monkey Bay kapena Mangochi akumana ndi zosiyana. Pa kutentha kwa October penti amaumira pa nsonga ya singano munthu ali mkati mopopera. Kumeneko khalani ndi kansalu konyowa pafupi, muzitsina nako nsongayo pafupipafupi, ndipo kakapu kasakhale ndi penti mutaimitsa ntchito ngakhale kwa mphindi zisanu. Fumbi ndi mchenga wa m'mbali mwa nyanja zikalowa m'penti zimatseka chimodzimodzi. Penti amene wakhalitsa m'botolo asefedwe pa kansalu kopyapyala, ndipo asungunulidwe mpaka afanane ndi mkaka wamuwisi. Penti wa madzi wopaka zipupa, ngakhale ndi wachibale wa acrylic, ali ndi timibulu tikulutikulu. Kumuthira m'kamfuti ka 0.3 nkufuna kumwetsa phala la mgaiwa kudzera m'kaudzu.

Wudhu ndi sipiriti

Funso limene makolo amatifunsa kawirikawiri ndi lakuti, kodi sipiriti ameneyu si najisi? Ma ulama ambiri akale, kuphatikizapo a madh-hab a Imam Shafi'i amene ambiri a ife timatsatira, adati chakumwa choledzeretsa ndi najisi. Ena ochepa, monga Rabi'ah amene adaphunzitsa Imam Malik, ndi al-Muzani wophunzira wa Imam Shafi'i, adati kumwa kwake ndiko haraam koma madziwo pa okha sadetsa thupi. A madh-hab a Imam Abu Hanifa amasiyanitsa chochokera ku mphesa ndi tende ndi chochokera ku zinthu zina. Ma ulama ambiri a masiku ano amalola sipiriti wa m'fakitale pa zilonda, pa zida za kuchipatala ndi pa ntchito za manja. Isopropyl ndiye sichakumwa nkomwe. Amapangidwa kuchokera ku mpweya wa mafuta a pansi pa nthaka. Maganizo athu ndi akuti nkhaniyi isagawanitse banja. Mnyamata akhale ndi malaya a ntchito osiyana ndi a Swala, asambe m'manja akamaliza, ndipo amene mtima sunakhazikike akafunse Shehe wa pa mzikiti wake.

Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa kwambiri ndi pentiyo. Tanena kale kuti acrylic wouma ndi khungu la pulasitiki. Hina amangosintha mtundu wa khungu ndipo madzi amadutsa, koma pentiyu amatchinga madzi kuti asafike pa khungu ndi pa zikhadabo, ndipo chiwalo chimene madzi sadachifike sichidasambitsidwe. Nkhungu ya kamfuti imagwera pa dzanja logwirira nsalu, pa mkono, nthawi zina ndi pa nkhope, mopyapyala moti munthu saona msanga. Asanatawaze, ayang'ane m'mbali mwa zikhadabo ndi pakati pa zala. Madzi ofunda, sopo ndi kansalu kokhakhala zimachotsa. Wokakamira amafewa ndi mafuta ophikira pang'ono. Thinners asapakidwe pa khungu, amaliumitsa mpaka kung'ambika ndipo amalowa m'thupi. Magolovesi opyapyala amachepetsa ntchito yonseyi.

Tionjezepo kuti adhana sadikira penti, ndipo penti sadikira Swala. Amene wasiya kamfuti kali ndi penti nkuthamangira ku mzikiti, pobwerako apeza katauma. Wanzeru amaimitsa ntchito kudakali mphindi khumi ndi zisanu, natsuka kamfuti, natsuka manja, kenaka nkunyamuka modekha.

M'nyumba muli ana

Kamfuti kamasandutsa chilichonse chimene mwathiramo kukhala nkhungu yolowa m'mapapo. Chotsukira chisapoperedwe m'mwamba. Tengani botolo la galasi la kukamwa kwakukulu, boolani mabowo awiri pa chivundikiro, lina lolowetsa kamfuti, lina lotsekedwa ndi thonje kapena kansalu kuti mpweya uzitulukira, ndipo muzipopera mmenemo. Masiki a nsalu kapena a kuchipatala amachepetsa fumbi la penti koma satchinga mpweya wa thinners. Penti wa m'machubu wolembedwa cadmium, kawirikawiri wofiira kapena wachikasu, ngwa burashi yokha, sayenera kupoperedwa.

Ngozi imene timaiopa kwambiri kuno kumapiri ndi ya moto. Kukazizira, anthu amatseka mawindo nkulowetsa mbaula m'nyumba, ndipo mnyamata amagwirira ntchito yake momwemo. Mpweya wa thinners ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Umakwawa pansi mpaka kukapeza makala kapena koloboyi ku ngodya ina ya chipinda. Sipiriti naye akayaka masana lawi lake silioneka bwino, munthu amangomva kutentha pa malaya. Ntchito yotsuka ichitikire pa khonde, kutali ndi khitchini, kuzizire kusazizire.

Ndipo pali mabotolo. Tonse tikudziwa chizolowezi chathu chogula palafini ndi sipiriti m'mabotolo a zakumwa zoziziritsa kukhosi nkuwaika pansi pa bedi. Mwana wa zaka ziwiri sadziwa kuwerenga, amadziwa botolo. Methanol wokwana masupuni awiri a tiyi akhoza kuononga maso mpaka khungu, ndipo woposera apo amapha. Zotsukira zonse zikhale m'mabotolo awoawo olembedwa, pamwamba kapena m'bokosi la loko. Mwana akamwa palafini kapena thinners, musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta, pakuti posanza mankhwalawo amalowa m'mapapo ndipo mpamene amavulaza kwambiri. Thamangani naye ku chipatala, botolo lili m'manja kuti adokotala aone chimene wamwa. Akamwa sipiriti musadikire kuti muone ngati adwale, chifukwa zizindikiro za methanol zimachedwa maola ambiri.

Madzi otsukira penti asatayidwe m'nyanja, mu mtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Asiyeni m'chitini pa dzuwa, kumene ana ndi nkhuku safikako. Madzi auluka, ndipo khungu la pulasitiki lotsalira pansi likatayidwe ku dzenje la zinyalala.

Kwa amene ali ndi wachibale ku South Africa amene akufunsa choti atumize, yankho si botolo la chotsukira, limene limalemera, limatha msanga ndipo likhoza kutayikira m'katundu wa anthu pa basi. Mumuuze atumize kamlomo ndi singano zapadera, ziwiriziwiri, za kampani ndi nambala yofanana ndi kamfuti kanu, poti singano ya 0.5 silowa m'kamlomo ka 0.3, pamodzi ndi kapaketi ka timphete. Zonsezi zimakwana mu envulopu imodzi. Nsonga ya singano aibaye m'kachidutswa ka labala kapena aiike m'chubu cha bolopeni yakutha kuti ifike yosapindika.